Lembani Nkhawa Zanu M'kope

Anzanga, ambirife sitigona bwino. Ku Furancungo mlimi wa fodya amangotembenuka pamphasa, kuganiza za ngongole ya feteleza. Ku Tsangano mayi akuopa kuti mbatata ya kachewere iwola mvula ikachuluka. Kukacha, khasu limalemera.

Ine ndikuti nkhawa yoipitsitsa ndi ya ngongole imene simudziwa kukula kwake. Bambo ena m'kalasi mwathu anaonda nayo. Tinakhala nawo pansi n'kulemba: matumba 4 a feteleza, mbewu, mankhwala. Kenaka mabelo amene akuyembekeza. Ngongoleyo sinathe, ayi. Koma ataiona papepala analimba mtima, n'kukawauza akazi awo, amene anali asakudziwa.

Za mvula kulemba sikuthandiza. Pamenepo kwezani mizere. Koma za ngongole, bwerani ndi kope lanu tiwerengere limodzi.