Khansa ya khomo la chiberekero ili ngati kaufiti: imagwira mizu isanaonekere

Mlimi aliyense wa chimanga amadziwa khalidwe la kaufiti. Pamene timaluwa take tofiira tayamba kuonekera m'munda, amakhala atayamwa kale mizu ya chimanga kwa masabata angapo pansi pa nthaka. Khansa ya khomo la chiberekero imagwira mayi m'njira yomweyo. Iye amalima, kutunga madzi ndi kubereka ana osamva kupweteka kulikonse, pamene nthendayo ikukula mwakachetechete. Akadzayamba kutaya magazi, nthawi zambiri imakhala itafika kale patali.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 660,000 anapezeka ndi khansa imeneyi ndipo 350,000 anamwalira nayo. Mwa amayi 100 alionse amene anamwalira, 94 anali a m'mayiko osauka ndi amene akukwera kumene. Mayiko a Eswatini, Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko amene nthendayi yakula kwambiri pa dziko lonse.

Gwero la khansayi ndi kachirombo kotchedwa HPV kamene kamafala pogonana. Kachiromboka n'kofala kwambiri moti pafupifupi munthu aliyense amene anayamba zogonana amakatenga nthawi ina m'moyo wake, ngakhale mayi amene sanadziwepo mwamuna wina kupatula wa kunyumba kwake. Choncho kupezeka ndi khansayi si umboni wa chiwerewere. Mwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha. Koma mwa amayi ena kamakhazikika pakhomo la chiberekero n'kuyamba kusintha khungu la pamenepo pang'onopang'ono. Kwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kusinthako kusanduke khansa. Kwa amene chitetezo chake chinatsika, zaka 5 mpaka 10 n'zokwanira. N'chifukwa chake kwa mayi amene ali ndi kachirombo ka HIV, chiopsezo chodwala khansayi n'chachikulu kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi mnzake amene alibe.

Zaka zonsezi ndiwo mpata wopulumutsira moyo, ndipo njira yake si yovuta. Namwino amaika chipangizo chotsegulira njira ya amayi, amapaka viniga pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi akuunika ndi nyali. Malo amene ayamba kusintha amayera. Ngati malowo ndi aang'ono, amawatentha kapena kuwaziziritsa ndi makina tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo akuyenda yekha. Dziko la Zambia linayamba ndondomeko yotereyi m'zipatala za boma za ku Lusaka m'chaka cha 2006, anamwino ndiwo akugwira ntchito yaikulu. Zipatala zina tsopano zimayeza kachirombo ka HPV kenikeniko, ndipo mayi angathe kudzitenga yekha timadzi tokayezato ndi kathonje. WHO imalangiza kuti mayi ayambe kuyezetsa ali ndi zaka 30, ndipo amene ali ndi HIV ayambe pa zaka 25.

Kwa atsikana kuli katemera. Anavomerezedwa koyamba m'chaka cha 2006, ndipo amateteza ku mitundu ya HPV yotchedwa 16 ndi 18, imene imayambitsa khansayi mwa odwala 70 pa 100 alionse. Amagwira bwino ntchito mtsikana akalandira asanayambe zogonana, n'chifukwa chake amaperekedwa makamaka kwa a zaka 9 mpaka 14. Dziko la Rwanda linayamba kubaya atsikana ake m'chaka cha 2011, South Africa mu 2014, Zimbabwe mu 2018, ndipo Malawi ndi Zambia mu 2019. Ku Malawi ntchitoyi inayesedwa kaye m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira mu 2013. M'chaka cha 2022 WHO inavomereza kuti kwa atsikana ambiri kubayidwa kamodzi kokha n'kokwanira, zimene zimachepetsa vuto la ana amene sankabweranso kudzalandira kachiwiri.

Ngati zida zilipo chonchi, n'chiyani chimene chikuchititsa kuti amayi azifika kuchipatala mochedwa? China ndi mtunda ndi ndalama yoyendera: n'kovuta kuti mayi amene sakumva kudwala asiye kupalira n'kuyenda tsiku lonse. China ndi manyazi, makamaka woyeza akakhala wamwamuna. Palinso mphekesera zakuti poyeza amatulutsa chiberekero, kapena kuti katemera amatseketsa mtsikana kubereka. Zonsezi si zoona. Chiberekero sichichotsedwa poyeza, ndipo atsikana amene analandira katemera amabereka ngati anzawo onse. Amayi ena akaona magazi kapena ukazi wonunkha amayamba ayesa mankhwala a mauka, ena amaganiza zolodzedwa, miyezi n'kumapita.

Abambo nawonso ali ndi gawo lawo. Mayi akathandizidwa pakhomo la chiberekero amalangizidwa kusakhala malo amodzi ndi mwamuna wake kwa masabata pafupifupi anayi kuti bala lipole. Mwamuna amene sanafotokozeredwe amakayika, ndipo mayi amene akuopa mkangano wa m'nyumba amasankha kukana chithandizo. Alangizi a zaumoyo akamacheza ndi amayi okha, ntchito imakhala yatheka. Nkhaniyi iyenera kumveka pabwalo la mfumu, kumpingo, kumzikiti ndi pamsonkhano wa kalabu ya alimi, kumene abambo amapezeka.

M'chaka cha 2020 mayiko anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030, atsikana 90 pa 100 alionse akhale atalandira katemera akamakwanitsa zaka 15, amayi 70 pa 100 alionse ayezedwe pofika zaka 35 ndiponso pofika zaka 45, ndipo 90 pa 100 alionse opezeka ndi vuto athandizidwe. Ziwerengero zimenezi zidzakwaniritsidwa ndi ntchito zing'onozing'ono za m'midzi. Mlangizi angathe kufunsa kuchipatala chapafupi masiku amene amayeza, n'kuwalengeza kusikelo ya ana ndi kumalo olandirira njira zakulera. Mayi wopita kukatenga ma ARV akumbutsidwe kufunsa za kuyezedwa pa ulendo womwewo. Gulu la banki m'khonde lingathe kupatula kandalama koyendera mayi amene watumizidwa kuchipatala chachikulu. Mafumu ndi magulu a amayi a pasukulu alembe mayina a atsikana amene anasiya sukulu, pakuti iwowo ndiwo amaphonyedwa katemera akamaperekedwa m'makalasi.

Akuluakulu anati mmera m'poyamba. Mayi asadikire zizindikiro kuti akayezetse. Koma amene akutaya magazi akatha kukhala ndi mwamuna, amene akuona magazi pakati pa mwezi kapena atasiya kale kusamba, ndiponso amene ali ndi ukazi wonunkha wosatha, apite kuchipatala sabata yomweyo, ndipo mwamuna wake kapena mbale wake amuperekeze.