MAU A PABANJA: Mwana Wofuna Kuphunzira za Maganizo a Munthu

Mwezi uno tikambe nkhani imene tinaipeza ku Chitawira, m'mzinda wa Blantyre. Pakuti ngakhale inacitika m'tauni, mawa ingafike pakhomo pa yense wa inu amene ali ndi mwana ku sekondale.

Tinakaceza kwa mai wina wamasiye, wogulitsa mandasi ndi tomato, ndipo tinapeza m'nyumba muli zii. Mwana wao wamkazi anakhoza mayeso a Fomu 4, nauza amace kuti afuna kupita ku yunivesite kukaphunzira saikoloji, ndiwo maphunziro a maganizo ndi makhalidwe a munthu. Mtima umenewu unamdzera m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, kufupi ndi kwao. Iye anathandiza kugawa phala kumsasa wa opulumuka, naona ana opanda bala pathupi koma osagona usiku, onjenjemera mvula ikayamba kuwaza. Naonanso kuti odziwa kulankhula nao anali owerengeka.

Koma malume ace atamva, anapukusa mutu nati: “Iwe mwana, phunziro limenelo sunalione ku sekondale, ndipo Physics ndi Chemistry unazisiya uli Fomu 3. Khomo unadzitsekera wekha. Pita ukafune nchito m'sitolo ku Limbe.” Ndipo mai aja anangoti: “Acimwene, ine za sukulu sindizidziwa, zikhale monga mwanenamo.” Malumewo sananene ndi njiru ai, anaopa kutaya ndalama pacabe; koma ananena zimene sanafunse, ndipo akale anati safunsa anadya phula. Tamverani tsono zimene tinawauza.

Coyamba ndi ici: pa mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB lilembetsa, palibe phunziro lochedwa saikoloji. Palibe mwana wa m'Malawi muno, wa kusukulu ya boma kapena ya mishoni, amene analilemba pa mayesowo. Onse aliyamba pamodzi ku yunivesite, monga ana a Sitandade 1 ayamba pamodzi a, e, i, o, u. Ngakhale Wilhelm Wundt, amene anatsegula nyumba yoyamba yoyeseramo za maganizo ku Leipzig m'dziko la Germany m'caka ca 1879, anayamba waphunzira udokotala, pakuti sukulu ya saikoloji payokha kunalibe. Cotero kusaphunzira saikoloji ku sekondale si mlandu.

Caciwiri, zimene afunsa pakhomo ndi zina. Kuti mwana aganiziridwe pa mayunivesite a boma, ayenera kukhala ndi makirediti 6, ndipo imodzi ikhale ya Cingerezi. Kirediti ndiyo giredi yoyambira pa 1 kulekeza pa 6. 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, 9 ndi kulephera. Pamwamba pa ici, maphunziro alionse ali ndi zofuna zace, ndipo bungwe la NCHE, limene liyendetsa kasankhidwe ka ophunzira, lizilemba poyera caka ndi caka poitana ana kuti afunsire malo. Kalata imeneyo ndiyo yoyenera kuimvera, osati mau a pamsika. Mwana aiwerenge ndi mphunzitsi wace mzere ndi mzere, aone ngati magiredi ace akwanira.

Cacitatu, tisakubiseni cobvuta. Ambiri ayesa kuti saikoloji ndi kuceza cabe ndi anthu acisoni, kapena nzeru yoona za mumtima mwa munthu ngati wamaula. Iai. Wophunzirayo awerenga mabuku ambiri a Cingerezi. Aphunzira za ubongo ndi mitsempha, kumene Biology imthandiza. Ndipo awerengetsa ndi kuyerekeza mayankho a anthu mazanamazana, kumene Masamu sathawika. Cifukwa cace maphunziro a mtundu uwu kawirikawiri afuna kirediti ya Masamu. Pamene tinapenya pepala la mwana wa ku Chitawira, tinapeza makirediti okwanira, Cingerezi ndi Biology ziri bwino, koma Masamu ali pa 7. Bvuto lace silinali Physics kapena Chemistry monga anayesa malume. Linali pa Masamu, ndipo limeneli liri ndi mankhwala, pakuti mwana akhoza kulowa sukulu ya madzulo ndi kulembanso mayeso.

Pali cimodzi cimene malume analasa. Wofuna kukhala dokotala wa nthenda za misala, wolembera odwala mankhwala monga acitira ku cipatala ca Zomba Mental, ayenera kuyamba waphunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kumeneko maphunziro a sayansi afunikadi. Koma katswiri wa saikoloji ndi munthu wina: iye aciza ndi kumvetsera, kuyesa ndi kulangiza. Nchito ziwirizi zithandizana, koma makomo ace ndi osiyana.

Nanga aphunzira kuti? Saikoloji iphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba. Sukuluyi, imene kale inachedwa Chancellor College, inayamba m'caka ca 1965 pa Chichiri, pamtunda woyenda pansi kucokera ku Chitawira, ndipo inasamukira ku Zomba m'caka ca 1973. Palinso njira zoyandikana nayo. Ku Mzuzu, sukulu ya Saint John of God iphunzitsa uphungu ndi unamwino wa odwala maganizo. Ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, Catholic University, imene inatsegulidwa m'caka ca 2006, iphunzitsa za cisamaliro ca anthu. Ndipo amene apeza dipuloma nagwira nchito zaka zingapo akhoza kudzafunsira malo ku yunivesite pakhomo la akulu. Kwa osowa, boma linakhazikitsa bungwe la ngongole za ophunzira m'caka ca 2015. Ndi ngongole ndithu, yobweza, osati mphatso.

Tinauzanso mwanayo kuti ulendowu ndi wautali: digiri yoyamba itenga zaka 4, ndipo wofuna kuciza odwala ayenera kuonjezapo ina pambuyo pace. Walira mvula walira matope. Iye anagwada nati: “Malume, ndapota nanu, mundilole ndiyesenso Masamu caka cimodzi, ndikalephera ndidzapita ku Limbe monga mwanena.” Malume anakhala cete nthawi, ndipo pomariza anati ndalama ya mayeso adzalipira iwo, ya sukulu ya madzulo icokere pa mandasi.

Inu makolo ndi amalume a kumudzi, mau anu ndi olemera pa mwana. Akachula maphunziro amene dzina lace simunalimve, musafulumire kunena kuti nkosatheka. Tengani pepala la magiredi ace, pitani naye kwa ahedi a sukulu yace, funsani cimene cisowa. Ndipo amene ana anu ali Fomu 1 ndi Fomu 2, akakamizeni pa Cingerezi ndi Masamu kuyambira lero, pakuti mmera mpoyamba.