Zida zaulere zilipo, nanga alembi a Cinyanja ali kuti?

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 tikumbukira mmene banja lonse linali kuunjikana pa wailesi kumvetsera nthano za a Julius Chongo mu pologalamu ya Poceza m'Madzulo. Kusukulu tinali kuwerenga mabuku a Cinyanja osindikizidwa ndi NECZAM, imene pambuyo pake inakhala Kenneth Kaunda Foundation, ndipo lero ndi Zambia Educational Publishing House. Masiku amenewo munthu akalemba buku anali kulitumiza ku Lusaka pa positi ndi kuyembekeza, mwina mpaka imvi kumera. Ambiri analeka kulemba cifukwa ca zimenezi, ndipo sitingawaimbe mlandu.

Lero zinthu zinasintha. Ticite manyazi pang'ono, abale ndi alongo, pakuti cifukwa cimene makolo athu anali kupereka ife tilibe. Pa intaneti pali zida zolembera ndi kufalitsira nkhani zimene munthu salipira ngakhale ngwee imodzi. Tichuleko zingapo, popeza safunsa anadya phula.

Coyamba ndi African Storybook, imene bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula m'caka ca 2014. Muli timabuku ta ana ta zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Cinyanja. Munthu angathe kuwerenga, kumasulira kabuku m'cinenero cake, kapena kulemba kake ndi kukaika pamenepo. Cina cofanana naco ndi StoryWeaver ya Pratham Books a ku India, imene inayamba m'caka ca 2015, ndipo ili ndi zithunzi zambirimbiri zimene wolemba aloledwa kugwiritsa nchito. Palinso Bloom, pologalamu ya pa kompyuta yopangidwa ndi SIL. Ubwino wa Bloom ndi wakuti ukaiika pa kompyuta kamodzi, ugwira nayo nchito popanda intaneti, ndipo imakonza yokha masamba kuti ukasindikiza ndi kupinda mapepala patuluke kabuku. Wofuna kulemba nkhani yaitali ali ndi LibreOffice pa kompyuta, kapena Google Docs pa foni.

Wolemba wabwino ayenera kukhala woyamba wawerenga. Project Gutenberg, imene Michael Hart anayamba m'caka ca 1971, ili ndi mabuku akale oposa 70,000 aulere, ngakhale kuti ambiri ndi a m'Cingelezi. Wosowa liu angathe kulifuna mu dikishonale ya Cicewa ndi Cingelezi ya a Steven Paas, imene ipezekanso pa intaneti.

Tsono funso lathu ndi ili: zonsezi zilipo, nanga nkhani za Kafue zili kuti? Tauni yathu si yosowa mbiri. Ulalo wa njanji pa mtsinje wa Kafue unamangidwa m'caka ca 1906. A Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzira pa sukulu ya a Methodist kuno, imene lero tiicha Kafue Boys. Muli madala mu Kafue Estates ndi mu Zambia Compound amene anagwira nchito ku Nitrogen Chemicals ndi ku Kafue Textiles pamene mafakitale anali kulira usana ndi usiku, ndipo anaonanso masiku amene nchito zinatha. Muli asodzi odziwa mtsinje monga cikhatho cao, ndi azimai ogulitsa nsomba pa mseu wopita ku Mazabuka. Ife amene timatsogolera mapemphero pa maliro timaona mwezi ndi mwezi anthu otere akulowa m'manda ndi nkhani zao zosalembedwa. Adzukulu ao adzafunsa ndani?

Koma tisanamizane, caulere cili ndi mtengo wake. Cida ndi caulere, koma bando ya intaneti ndi yogula, ndipo foni ifuna malaiti. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo tinali kukhala mumdima theka la tsiku ndi kupitirira, ngakhale kuti magetsi apangidwa pafupi pompa ku Kafue Gorge. Ndiye cifukwa cake tikuti zida zogwira nchito popanda intaneti, monga Bloom ndi LibreOffice, ndizo zoyenera anthu a kuno. Pepala ndi bolopeni nazonso musazitaye. Lembani m'kope, mukatayipe malaiti akabwera.

Caciwiri, wolemba awerenge malamulo asanatumize nkhani yake. Timabuku ta pa African Storybook ndi StoryWeaver timatuluka ndi cilolezo ca Creative Commons. Tanthauzo lake ndi lakuti wina aliyense angathe kukopa, kumasulira ndi kusindikiza nkhani yako osakulipira, malinga achule dzina lako. Kwa kabuku kophunzitsira ana kuwerenga, zimenezi ndi zabwino. Koma ngati uli ndi buku lalikulu limene ufuna kudzagulitsa, yamba waganiza. Tisadzamve madandaulo akuti anatibera, pamene tinapereka tokha.

Cacitatu, ndipo ici ndico citidetsa nkhawa kopambana, ndi makina omasulira. Google Translate inalandira Cicewa m'caka ca 2014, ndipo tsopano kwabweranso mapologalamu amene amakulembera nkhani yonse ukangowauza mutu. Tsiku lina mnyamata wa m'gulu la acinyamata anatibweretsera sewero la pa Khirisimasi kuti tilione. Mau onse anali a Cinyanja, koma panalibe munthu wa mu Kafue amene angalankhule motero. Mwana anali kuuza atate ake kuti "iwe", ndipo mwambi wa Cingelezi unatembenuzidwa liu ndi liu mpaka kusanduka cinthu cosamveka. Titamufunsa anavomera kuti analemba m'Cingelezi, makina ndi kumasulira. Tinamuuza kuti akakhale pansi ndi ambuye ake, akamvetsere mmene amayankhulira, ndi kulembanso. Sewero laciwiri linaseketsa chalichi conse.

Ena adzati: kulemba m'Cinyanja kulibe phindu, ndalama ili m'Cingelezi. Zoona, Namwali Serpell anapambana Caine Prize m'caka ca 2015 ndi nkhani ya m'Cingelezi, ndipo tinyadira. Sitiletsa mwana aliyense kutsata njira imeneyo. Koma Cinyanja ndico cinenero ca Zambia cimene ciphunzitsidwa m'masukulu a cigawo ca Lusaka ndi ca Kum'mawa, ndipo kuyambira pamene maphunziro anakhala aulere m'caka ca 2022 ana anadzaza m'makalasi. Mwana amene waphunzira kuwerenga koma alibe cowerenga kunyumba amaiwala msanga. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Pempho lathu ndi laling'ono. Parishi iliyonse, mpingo uliwonse ndi sukulu iliyonse imene ili ndi kompyuta mu ofesi ipatule masana a Ciweru cimodzi pa mwezi kuti acinyamata alembepo. Aphunzitsi a Cinyanja opuma nchito awathandize kalembedwe, pakuti zambiri za pa intaneti zitsata kalembedwe ka ku Malawi, pamene ana athu pa mayeso afunika kalembedwe ka kuno. Miphakati isankhe nkhalamba imodzi, acinyamata awiri akaicezere ndi foni, ajambule mau ake atapempha cilolezo, ndi kulemba. Mutu umodzi susenza denga. Kabuku ka masamba 12 pa mwezi ndi timabuku 12 pa caka, ndipo m'nyumba zambiri za mu Shikoswe timabuku totere tingakhale toyamba kulowamo pambali pa Baibulo ndi buku la nyimbo.

Mu Uthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 25, wanchito amene anadzudzulidwa sanabe kanthu. Iye anangokwirira pansi cimene anapatsidwa. Ife tapatsidwa cinenero, tapatsidwa nkhani, tsopano tapatsidwa ndi zida zomwe. Tiyeni tiyambe Ciweru cikudzaci.