Osatenga kaloba chifukwa cha njinga, yambani mwaona ku Kambombo

Loweluka lapita mnzanga wina wa ku Chawama anabwela kunyumba, foni ku manja, akumwetulila monga wapeza nchito ku migodi. Ati, "Boyi, ona iyi." Pa foni panali njinga ya gravel, ija ya mahandulo yopindika pansi na matayala yonenepako. Mtengo wake unali malipilo yake ya miyezi ingapo. Ninamufunsa kuti ndalama azaitenga kuti. Ati kaloba. "Nizabweza pang'onopang'ono, kaili nifuna nizichova na magayi ya ku Leopards Hill pa Sondo."

Sininamuseke. Na ine nimaiona mavidiyo yamene aona: anthu na mahelumeti, fumbi kumbuyo, mseu wopanda minibasi, wopanda kondakita okutukwana. Munthu wamene akhala mu komboni, wamene m'mawa uliwonse alimbana na traffic ya pa Kafue Roundabout, akaona vimene vija mtima umafuna. Chimene ninamuuza nichakuti njila ija ilipo kudala, ndipo anthu akuichova tsiku lililonse na njinga yotchipa. Ili ku Chama, mu dziko la a Senior Chief Kambombo, kumtunda kwa chigwa cha Luangwa.

Ninafika kumeneko mu July chaka china, kukachezela achibale a amayi. Ulendo si wa masewela. Basi kuchoka pa Intercity mpaka ku Chipata, kuchoka apo ku Lundazi, ndiye kutsika m'chigwa kupita ku Chama. Ukafika, msana umakhala wakamba kale vonse. Koma m'mawa mwake amalume anatulutsa njinga yawo yakuda, giya imodzi, kaliyala yachitsulo kumbuyo, belu yosalila. Ati, "Mphwanga, tiye ku munda wa mpunga." Iwo anakwela ya aneba.

Anzanga, ngati mufuna mseu wopanda mamotoka, ni uja. Tinachova pafupifupi maola awili, tinakumana na njinga zinzathu, ana a sukulu, na mthuthuthu umodzi chabe. Njila imapita pakati pa mitengo ya mupani, dothi lolimba monga simenti, kenaka imatsika ku kamtsinje kouma komwe mchenga umagwila tayala mpaka utsike uzikankha. Ukakwela tsidya lina upeza madambo, mapesi ya mpunga wokololedwa kale, azimayi akupepeta pabwalo. Mpunga wa ku Chama uja mumagula ku Lusaka, wonunkhila ukali pa mbaula, umachoka ku madambo aya. Thumba lambili limayamba ulendo wake pa kaliyala ya njinga.

Apa ndipo ninachita manyazi. Ine wa mu tauni, na botolo yanga ya madzi na ma sneakers, nenze kupuma monga galu. Mdala wina anatipitilila na thumba lathunthu kumbuyo, patapata ku mapazi, ndipo anapeza mphamvu yotipatsa moni bwinobwino. Ku Leopards Hill angamupatse mendulo. Iye enze kupita chabe ku chigayo.

Anthu a kum'mawa anadziwana na njinga kalekale. Chipata imadziwika kuti ni tauni ya njinga, ndipo kunali fakitale ya Luangwa Industries yamene inali kupanga njinga za Eagle. Masiku ano mupeza ma Buffalo, yamene anapangila dala miseu yoipa na katundu wolema. Njinga za mtundu uwu zilibe vambili vowonongeka. Tcheni ikaduka, sipoko ikathyoka, munthu wokonza ali pansi pa mtengo pa msika uliwonse. Manje tenga ija ya mnzanga ya pa foni, ya mabuleki ya mafuta na magiya khumi na chakuti. Ikafa ku Kambombo, sipeya yake uzaidikila kuchoka ku Lusaka, ndipo kaloba izakhala ikubala ana.

Ndiye ngati mufuna kuyesa, mvelani izi. Nthawi yabwino ni June, July na August, pamene kukali kozizila ndipo mitsinje ing'onoing'ono yauma. October m'chigwa si ya munthu wobwela. Dzuwa limawotcha mpaka chishalo sichikhalika. Koma ngati mupilila kutentha, mwambo wa Kwenje wa a Senga umachitika chakumapeto kwa chilimwe kwa a Senior Chief Kambombo, ndipo ni chifukwa chokwanila chopitila. Nyamukani m'mamawa, ikafika 10 koloko mukhale pa mthunzi. Madzi tengani yambili kupambana yamene muganiza. Minga ni yambili, choncho pampu, zigamba na solushoni visachoke mu chola. Valani malaya ya manja yatali yowala. Kashembe amakonda vakuda na vabuluu, ndipo akaluma umamva.

Chachikulu: musayende mweka. Chigwa cha Luangwa ni cha njovu, ndipo sizili mu paki chabe. Zimafika ku minda na ku midzi. Anthu a kumeneko adziwa kuti dzulo zinagona kuti, ndipo njila iti siyenda madzulo. Funsani. Mukaona ndowe zatsopano pa njila, si nthawi ya selfie, bwelelani. Dzuwa likayamba kupendeka mukhale mwafika. Ku mtsinje wa Luangwa, musatsuke mapazi pamalo paliponse, ng'ona sizipempha chilolezo.

Ndipo ulemu. Mukalowa m'mudzi tsikani pa njinga, pelekani moni kwa akuluakulu, ndipo ngati mugona, kaonekeleni kwa a mfumu. Chisenga chili pafupi na Chitumbuka, "Muli uli?" na "Yewo" vizakutsegulilani makomo. Osajambula munthu popanda kupempha. Wamene wakulondolelani njila mumulipile, mpunga mugule kwa alimi, ndalama yanu itsale kumeneko.

Pali chinanso chimene amalume ananiuza tili pa mthunzi, chimene mavidiyo sakamba. Nenze kuyamikila kuti njila ni yabwino, kulibe mamotoka. Iwo anaseka pang'ono. Ati, "Ubwele mu February." Mvula ikagwa, dothi lakuda lija limasanduka phala, limamata ku matayala mpaka wilo isiya kuzungulila. Timitsinje tamene tinakankhamo njinga timadzaza. Mzimayi wapakati akadwala usiku, njila yamene ine nenze kuitcha yokongola ndiye ija yamene afunika kudutsa kuti afike ku kiliniki. Kusowa kwa mamotoka kumene ise tikufuna pa holide, iwo ndiye vuto lawo. Chama inachotsedwa ku Eastern Province kupita ku Muchinga mu 2011, inabwezedwa mu 2021. Pa mapu inasuntha kawili, koma matope ya mu February ni yamene yaja. Mukapita mukasangalale, koma mukabwela mukambeko na za miseu na milatho, osati za dzuwa lolowa chabe.

Mnzanga wa ku Chawama anamvela vonse ivi, akuyang'ana foni yake. Ninamukumbutsa kuti kuseli kwa nyumba yawo kuli njinga ya malemu atate ake, yagona pa khoma zaka zingapo. Matayala awili, machubu, tcheni na mafuta pang'ono, vonse vipezeka ku Kamwala, ndipo mtengo wake sufika na pa chiwongola dzanja cha mwezi umodzi wa kaloba ija. Yotsala asunge ya basi ya ku Chama.

Ati, "Manje magayi ya ku Leopards Hill azaniseka."

Ninamuuza kuti ayambe wachova kuchoka ku Chawama mpaka ku Chilanga na kubwelela, Sondo iliyonse, mpaka June. Akakwanitsa, tizapita tonse ku Kambombo. Amalume akuti njinga ya aneba ikalipo, koma belu nikagule ine.