Mapesi si zinyalala, musawatenthe

Ogasiti akangofika, utsi umayamba kufuka m'minda. Ena amakhala akusosa, kwina ndi anyamata osaka mbewa. Alimi anzathu, moto umenewo ukupsereza chakudya cha nthaka yanu.

Ambiri mukudandaula kuti munda womwe kale unkadzaza nkhokwe lero subereka popanda feteleza, ndipo ngakhale muthire, chimanga chimangokhala chonyozoloka. Musafulumire kunena kuti feteleza wa masiku ano ndi wopanda mphamvu. Nthaka yokololedwa chaka ndi chaka osaibwezera kanthu imauma gwaa. Mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangothamanga pamwamba n'kukokolola dothi pamodzi ndi feteleza yemwe mwagula mutagulitsa mbuzi. Thumba la makilogalamu 50 n'kuthera kudambo.

Mapesi mukawayala m'munda, monga achitira a ulimi wa mtayakhasu, amatchinga dzuwa, amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula komanso amasunga chinyezi. Ng'amba ya 2024 idationetsa kuti chinyezi cha masiku ochepa chabe chingathe kupulumutsa chimanga chomwe chayamba kufota. Akawola, mapesiwo amasanduka manyowa, nyongolotsi zimabwerera, dothi limafewa.

Tikudziwa, mukuti nanga chiswe? Chiswe chimakonda zouma, ndipo chikapeza mapesi pansi nthawi zambiri chimatanganidwa ndi omwewo. M'munda mosesedwa mbee ndi momwe chimasowa chodya n'kuyamba kugwetsa chimanga.

Sitikunamizani kuti nthaka ichira chaka chimodzi. Poyamba chimanga chingathe kuoneka chachikasu, chifukwa tizilombo towoletsa mapesi timagwiritsanso ntchito mchere wa nayitirojeni womwe mbewu ikufuna. Choncho feteleza musamusiye msanga, koma muphatikizeni ndi manyowa a khola kapena a kompositi. Bzalaninso nandolo pakati pa chimanga, kapena sinthanitsani ndi mtedza ndi soya, poti mizu ya mbewu zimenezi imaonjezera chonde. Mtengo wa msangu ukamera m'munda usiyeni: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye suphimba mbewu.

Chovuta kwenikweni n'chakuti mlimi mmodzi sangateteze mapesi yekha pamene ziweto zikungoyenda mwachisawawa ndipo ana akuyatsa tchire. Lambulani m'mphepete mwa munda kuti moto usalowe, kenaka pitani kwa amfumu pamodzi ndi alangizi a m'dera lanu, mudzi ugwirizane malo odyetsera ziweto ndi chindapusa cha wotentha munda wa mnzake. Chitani izi mwezi uno, mphepo ya chilimwe isanakule.