Mdani wa msilikali anasintha nkhope

Njanji yochoka pa Nkaya ku Balaka, kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, siithera pa malire. Imapitirira mpaka ku Nacala, ndipo achikulire akukumbuka kuti kuyambira 1987 asilikali athu ankalowa m'dziko la Mozambique kukailondera kuti a Renamo asaiphwasule. Ena sanabwereko. Nthawi imeneyo mdani ankadziwika: munthu wa mfuti, wobisala m'tchire, kudikira sitima. Nkhondo ija inatha mu 1992.

Lero msilikali akulimbana ndi ndani?

Taonani ku Liwonde National Park. A African Parks atayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015 anatola misampha ya waya miyandamiyanda. Kenako kunabwera asilikali a ku Britain, osati ndi akasinja ayi, koma kudzayenda wapansi ndi alonda athu a nyama, kuwaphunzitsa kulondola opha njovu ndi zipembere. Mmodzi mwa iwo, Mathew Talbot wa zaka 22, anaphedwa ndi njovu pa 5 May 2019. Mwana wa eni, kuchoka kutali konseko, kudzafera ku Machinga kuno popanda chipolopolo cha mdani.

Athunso akuyenda. Ku DR Congo akhala akumenyana ndi magulu opanda yunifolomu yeniyeni kuyambira 2013. Mu November 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni, ndipo mu January 2025 ena atatu anagwa polimbana ndi M23.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ine ndi madzi. Namondwe wa Freddy atafika mu March 2023, anali asilikali amene ankafukula anthu m'matope ndi kuwolotsa amayi pa mitsinje yosefukira. Mtima anali nawo, zipangizo n'zimene zinaperewera, mpaka Tanzania ndi Zambia anachita kutitumizira ndege zothandizira. Zikomo kwa anansi, komatu mnansi naye tsiku lina adzakhala ndi maliro ake.

Ndiye inu makolo amene mwana wanu akulota zopita ku MAFCO ku Salima, musangomuuza zothamanga m'mawa. Aphunzire kusambira, agwire kompyuta, asathawe masamu. Ndipo aphungu athu a ku Machinga ndi Balaka, pokambirana bajeti ya asilikali, afunseko kuti mabwato angati adzakhala okonzeka pa Shire mvula ya December isanayambe.