Makina amamva chitsulo, samva chuma

Sabata yatha mwana wa mchemwali wanga, amene akugwira ntchito ku Johannesburg, adanditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Zonse zidali za makina ofufuzira zitsulo, aja okhala ndi ndodo yaitali ndi chimbale kunsonga. Uthenga wake udali waufupi: “Amalume, ndisankhireni amodzi osalowa madzi. Ndibwera nawo pa Khirisimasi, tikalowe m’damu lija.”

Damu limene akunenalo ndikulidziwa. Lili pa esiteti ina ya tiyi konkuno ku Thyolo, ndipo nkhani yake tidakula nayo. Akuti mzungu wina, pothawa nthawi ya Chitaganya, adaponyamo bokosi la ndalama. Ena amati lidali la golide, ena amati mudali miyala yonyezimira. Aliyense adamva kwa wina, koma wakuti ndidaona ndi maso angawa sindidakumane naye.

Mphwangayo sindidamuseke. Mwana amene wakula akuona tiyi wobiriwira mpaka polekezera maso, pamene amayi ake akupalasa kandime kosakwana theka la ekala, sangalephere kuganiza kuti nthaka ino ili naye ngongole. Koma ndalama zimene akufuna kugulira makinawo ndi thukuta la miyezi yambiri m’dziko la eni. Ndiye ndamuyankha mofatsa, ndipo yankho lomwelo ndikulibweretsa pano, poti anyamata ofunsa funso lotere achuluka.

Choyamba, makinawa alibe maso. M’chimbale chija muli waya wokulungakulunga. Magetsi a batire akamadutsa m’wayamo amatulutsa mphamvu yonga ya maginito imene imalowa pansi. Ikakumana ndi chitsulo, chitsulocho chimabweza mphamvu yake, makina n’kulira. Abwino amayesa kusiyanitsa msomali ndi ndalama yamkuwa, komabe mphete ya golide ndi kachidutswa ka chitini cha aluminiyamu nthawi zambiri zimalira mofanana. Ngakhale Alexander Graham Bell, katswiri wa lamya uja, adasokonezeka mu 1881 pamene ankafufuza chipolopolo m’thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America. Chimodzi mwa zimene zidamusokoneza chidali masipuling’i achitsulo a bedi limene wodwalayo adagonapo. Komanso khutu la makinawa ndi lalifupi: ndalama yachitsulo amaimva ikakhala masentimita 20 kapena 30 pansi, osati mamita.

Tsono mawu akuti waterproof olembedwa pakatoni asakunamizeni, chifukwa ali panjira zitatu. Pali makina amene chimbale chokha n’chimene chingalowe m’madzi. Kabokosi kapamwamba, kokhala ndi mabatani ndi galasi, kakangomira kamodzi ndiye kuti ndalama zapita. Ambiri otsika mtengo ndi otere, ndipo pamwala woterera wa mumtsinje kugwa sikuchedwa. Pali ena omira onse athunthu koma pamadzi osaya: Garrett AT Pro ndi Minelab Equinox 800 adawapangira kufika mamita 3. Ndiye pali a anthu osambira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya: XP Deus II amafika mamita 20, Minelab Excalibur II pafupifupi mamita 60. Wogula asafunse kuti “kodi salowa madzi?” Afunse kuti “mpaka mamita angati, ndipo zalembedwa pati?”

Afunsenso za mahedifoni. Mutu ukamira, kulira kwa makina sikumveka popanda mahedifoni a waya opangidwira m’madzi, pakuti opanda waya aja amaduka mawu akangomira. Ayang’anitsitse kamphira kotseka pachivundikiro cha batire. Kamchenga kamodzi pakamphirako n’kokwanira kulowetsa madzi, ndipo makina a kaunjika ogula pamsika nthawi zambiri kamphira kake kamakhala katauma kale. Aganizirenso kumudzi kumene akawagwiritse ntchito: kodi batire lake n’lotchaja ndi sola, kapena ndi mabatire opezeka pagolosale ku Luchenza ndi ku Bvumbwe? Nanga akawonongeka, adzawakonza ndani?

Kenaka pali mitundu iwiri ikuluikulu, VLF ndi PI. Ambiri otsatsa malonda amatamanda PI chifukwa savutika ndi madzi a mchere. Izo n’zoona, koma ndi nkhani ya ku Beira ndi ku Durban. Madzi a mitsinje yathu ya Thuchila, Nswadzi ndi Ruo alibe mchere. Vuto lathu ndi dothi. Katondo wofiira amene amakondweretsa tiyiyu ali ndi chitsulo chachilengedwe, ndipo mchenga wakuda wa m’mitsinje ina nawo umaliritsa makina popanda kanthu. Choncho makina oyenera kuno ayenera kukhala ndi batani loti azolowere dothi la pamalopo, lija amalemba kuti ground balance. A PI amapirira dothi lotere ndiponso amamva patali, koma sasankha bwino. Padooko pamene amayi akhala akuchapa ndi kutsuka mapoto kwa zaka 100, mudzakumba msomali uliwonse, waya aliyense, chitsekerero chilichonse cha botolo, mpaka msana kuuma. Kwa munthu woyenda m’madzi olekeza m’chiuno, a VLF omira mamita 3 ndi okwanira. Oposa pamenepo n’kulipirira kuya kumene sudzafikako.

Pali mtundu wina umene ndikupempha ndi mtima wonse kuti aliyense authawe. Ndi timakina tokhala ndi tindodo tozungulira ngati mlongoti wa wailesi, amene ogulitsa amati timaloza golide ali pamtunda wa kilomita. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Ku Britain, James McCormick adalamulidwa kukhala m’ndende zaka 10 mu 2013 chifukwa chogulitsa kachipangizo kotere, ADE 651, ponama kuti kamanunkhiza mabomba. Boma la Iraq lidagula tambiri pamtengo wokwera, asilikali n’kumaima nato pamalodibuloko, pamene m’kati mudalibe chilichonse chogwira ntchito. Ngati maboma adapusitsidwa, kuli bwanji mnyamata wa ganyu? Bodza limeneli ndi pachibale ndi lija lidatizungulitsa mitu kuno, lakuti ayironi yamakala yokhala ndi tambala, mapulaimasi akale ndi ndalama za Rupee za ku Germany zingamulemeretse munthu. Anthu adagulitsa mbuzi, ena adakumba m’manda, koma amene adalemera ndi akamberembere otenga ndalama “zoyezera” katundu.

Tiyerekeze kuti makina abwino agulidwa. M’madzi athu muli chiyani? Tiyeni tiganize bwino. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, itadutsa ku Luchenza. Maclean Kay adayamba esiteti ya Satemwa mu 1923. Eni maesiteti adali anthu a mabuku ndi mabanki, ndipo phindu la tiyi linkayenda papepala kupita ku Blantyre ndi ku London. Zimene zinkafika m’manja mwa makolo athu a thangata ndi othyola tiyi zidali matiki, masheleni ndi mapeni obowola pakati aja, amene adatha ntchito kwacha isanabwere kapena itangobwera mu 1971. Zoterezi mukhoza kuzitola, pamodzi ndi makasu otha, zikwanje ndi mabawuti a njanji. N’zamtengo wapatali pa mbiri yathu, koma sizingagule malata.

Nanga golide? Alipodi m’Malawi muno. Anthu akumusefa m’chigwa cha Lisungwe ku Neno, ku Makanjira m’boma la Mangochi ndi madera ena, ndipo kuyambira 2021 Reserve Bank of Malawi yakhala ikugula golide kudzera ku Export Development Fund. Koma golide wambiri wa mumtsinje amakhala fumbi losakanikirana ndi mchenga, ndipo fumbi makinawa salimva. Amamva timibulu tokha. N’chifukwa chake osefa golide amadalira beseni ndi maso. Komanso ntchito imeneyo imafuna chiphaso cha boma, sikungonyamula fosholo.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi moyo wa mwanayo. Damu la pa esiteti si dziwe losewerera. Pansi pake pali thope lomeza miyendo, mizu ndi nthambi zokola, ndipo madzi ake ukamira suona ngakhale chikhatho chako. Munthu wovala mahedifoni, maso ali pansi, samva mnzake akukuwa kumtunda. Kumunsi kwa Ruo kuli ng’ona. M’madzi odikha muli nkhono za likodzo. Ndipo Ruo ndi malire athu ndi Mozambique, kumene nkhondo idatha mu 1992. Dzikolo lidalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba onse okwirira amene ankadziwika, koma madzi osefukira sadziwa malire, ndipo si chitsulo chilichonse cholira m’mphepete mwa mtsinje chimene n’choyenera kuchigogoda ndi khasu. Chooneka ngati chipolopolo kapena bomba musachikhudze, kauzeni apolisi.

Palinso nkhani ya umwini. Madamu a m’maesiteti ali ndi eni ake ndi alonda awo, ndipo kulowamo usiku n’kudziitanira unyolo. Dooko la m’mudzi lili ndi nyakwawa yake. Safunsa adadya phula. Lamulo lathu la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale zokhudza mbiri ya dziko: sizikumbidwa popanda chilolezo, ndipo wozipeza amayenera kudziwitsa boma, osati kuthamangira nazo kwa wogula wa kunja.

Koma pamwamba pa lamulo pali umunthu. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira pa nyanja ya Malawi kufupi ndi Chilumba, anthu 145 n’kutsikira kuli chete. Malo amenewo ndi manda, si msika. Ifenso kuno tili ndi chilonda chaposachedwa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola midzi m’Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Mitsinje idatenga njinga, mapoto, malata, makina osokera, ndi anthu amene ena mwa iwo mpaka lero sadapezeke. Mchenga wa Thuchila ndi Ruo wasunga zambiri za zimenezo. Mphete imene makina angaliritse mumchenga umenewo si mwayi wogwa kumwamba. Idali pachala cha munthu, ndipo mwina kumtunda kuli mwamuna kapena mwana amene akadaikumbukirabe.

Apa m’pamene ndikuonera ntchito yeniyeni ya makinawa. Mlimi wataya kiyi wa njinga yamoto powoloka mtsinje. Komiti ya madzi ikufunafuna paipi yachitsulo imene idakwiririka ndi matope. Mmisiri wa matabwa akufuna kudziwa ngati m’chipika muli msomali sowo lisanathyoke. Mayi wagwetsa ndolo padooko. Onsewa angalipire kangachepe kwa munthu wokhulupirika wodziwa kugwiritsa ntchito makina ake. Si chuma cha tsiku limodzi, koma ndi ndalama yoti munthu n’kudya mtima uli m’malo.

Tsono mphwangayo ndamulembera motere: “Mphwanga, ngati mtima wako watsimikiza, gula a VLF omira onse mpaka mamita 3, okhala ndi batani lozolowera dothi, kusitolo yopereka lisiti. Usagwiritse ndalama ya feteleza wa amayi ako. Ukafika tikayamba kwa amfumu, osati kudamu. Madzi akapitirira m’chiuno, tibwerera. Ndipo chimene tingatole, tidzayamba tafunsa kuti n’cha yani.”

Wandiyankha dzulo usiku. Akuti za makina aja wayamba waima kaye, ndipo akufunsa mtengo wa thumba la feteleza ku Luchenza. Wawonjezeranso kuti akabwera ndidzamuperekeze kumtsinje kumene kudakokoloka nyumba ya azakhali ake, akaone pamene padali khonde.